Kufunafuna ndi Kusefa Zocitika m'Kalendala Yogawana

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a m'sukulu za kumidzi pa msonkhano wao



Palibe sukulu imene iyenda bwino popanda kusunga masiku. Kuyambira kale mphunzitsi wa kumudzi akhala ndi zinthu zitatu zomkumbutsa: kalendala ya pepala yopacikidwa pa khoma la ofesi, buku la zocitika za pa sukulu limene mphunzitsi wamkulu alembamo, ndi makalata obwera ndi mthenga kucokera ku Mishoni kapena ku Boma. Zitatu izi zinathandiza, ndipo zithandizabe. Koma zonse ziri ndi cilema cimodzi, ndico cakuti ziri pa malo amodzi okha. Tsiku la msonkhano likasinthidwa ku ofesi, kalendala ya pa khoma la sukulu yakutali sidziwa kanthu. Tsono mphunzitsi akwera njinga m'mamawa, naoloka madambo, nafika thukuta liri kamukamu, nkupeza citseko ciri cotseka. Tsiku limenelo ana ace atsala opanda wowaphunzitsa, ndipo iye mwini sanapindule kanthu.

Masiku ano kwafika cida cina cocotsa cilema cimeneci, ndico kalendala yogawana ya pa intaneti. Aphunzitsi ambiri ali nayo kale m'mafoni ao, ngakhale ena sanaitsegulepo. Komatu walira mvula walira matope. Anthu ambiri akayamba kulemba m'kalendala imodzi, zolembedwa zicuruka kotero kuti cinthu cofunika cimira pakati pa zinzace. Cifukwa cace nkhani ya lero iri pa nchito ziwiri, kufunafuna ndi kusefa. Ndipo mutu wace ndi uwu: makina abweza cokhaco cimene munthu anaikamo, monga momwe anaciikira. Wofuna kupeza msanga ayambe waphunzira kulemba bwino.

Kalendala Yogawana Nciani?

Iyi ndi kalendala imodzi yosungidwa pa makompyuta akulu a kampani, imene anthu ambiri aiona pa nthawi imodzi, yense pa foni yace kapena pa kompyuta yace. Mlembi wa zoni akalemba msonkhano ali pa boma la Katete, mphunzitsi wa pa sukulu yakutali auona tsiku lomwelo, malinga foni yace iri ndi netiweki. Ora likasinthidwa, lisinthika kwa onse. Makalendala odziwika koposa ndi awiri: Google Calendar, imene inayamba mu 2006, ndi kalendala ya mu Microsoft Outlook. Zitsanzo za m'nkhani ino zatengedwa makamaka ku Google Calendar, popeza mafoni ambiri a Android abwera nayo. Koma enawo ayenda m'njira yofanana.

Cocitika ciri conse m'kalendala cigawidwa m'zigawo, monga momwe dzina la mwana m'rejisitala litsatana ndi timabokosi tace. Pali mutu wace, tsiku ndi ora, malo, maina a oitanidwa, ndi mau ofotokoza. Akatswiri anapangana za magawidwe awa mu 1998, m'pangano lochedwa iCalendar, limene linakonzedwanso mu 2009. Ndipo ndi cifukwa ca pangano limeneli kuti cocitika colembedwa mu Outlook cikhoza kutumizidwa kwa munthu wa Google Calendar, nicifika cosasokonezeka. Zigawozi nzofunika kuzidziwa, pakuti ndimo m'mene makina ayang'ana pofunafuna. Cigawo cosiyidwa copanda kanthu sicidzabweza kanthu.

Mwini kalendala ndiye apereka cilolezo kwa anzace, ndipo cilolezo ciri pa makwerero angapo. Wina aloledwa kuona kokha kuti ora lakuti latengedwa, osaona cimene calembedwapo. Wina aloledwa kuwerenga zonse. Wina aloledwa kulemba ndi kusintha. Wotsiriza aloledwa kusintha ndi kulowetsanso anthu ena.

Cinanso ndi cakuti munthu mmodzi akhoza kukhala ndi makalendala angapo osanjikizana pa tsamba limodzi: yace ya mwini, ya sukulu, ya zoni, ya mpingo, ndi ya masiku a chuthi a dziko lonse. Apa ndipo payambira bvuto. Zoni ya sukulu 10, sukulu iri yonse ikalemba zinthu 5 pa sabata, ikhala ndi zinthu 50 pa sabata, ndipo pa masabata 13 zikwana 650. Palibe diso limene lingathe kuyenda m'zonsezi pa galasi laling'ono la foni osadumpha kanthu. Ndipo cimene cidumphidwa cikhoza kukhala tsiku lotsiriza lolembetsa ana mayeso a Examinations Council of Zambia. Pamenepo mwana wosalakwa ataya caka cathunthu cifukwa ca mzera umodzi umene mphunzitsi sanauone.

Kufunafuna

Pamwamba pa kalendala pali kacithunzi ka galasi lokuzira zinthu. Munthu akakakhudza patseguka bokosi, ndipo alembamo liu limene alikumbukira. Makina ayenda m'mitu ya zocitika, m'malo, m'maina a oitanidwa ndi m'mau ofotokoza, naonetsa mndandanda wa zimene ziri ndi liu limenelo, zapita ndi zirinkudza zomwe. Mphunzitsi wofuna kudziwa tsiku limene oyendera sukulu anabwera caka catha sasowa kutembenuza miyezi umodzi umodzi. Angolemba "oyendera" ndipo masiku ace aoneka pamodzi.

Pa foni pali bokosi lokhalo. Koma pa kompyuta, pambali pa bokosilo, pali kamubvi kakang'ono kamene katsegula mabokosi ena asanu ndi limodzi. Maina ao alembedwa m'Cingerezi, ndipo nkofunika kuwazolowera. Search in ndi posankha kalendala yofunamo, kaya imodzi, kaya zimene ziri kuoneka pa tsamba, kaya zonse. What ndi polemba mau a cocitikaco. Who ndi pa dzina la woitana kapena woitanidwa. Where ndi pa malo. Doesn't have ndi polemba liu limene munthu salifuna, kuti zonse zokhala nalo zitsale kunja. Date ndi poika malire a masiku, loyamba ndi lotsiriza.

Mwa citsanzo, mphunzitsi wamkulu ali kukonza lipoti la cigawo coyamba ca caka, ndipo afuna misonkhano yonse ya makolo imene inacitika pa sukulu yace. Pa What alemba "makolo", pa Where alemba dzina la sukulu, pa Date aika kuyambira Januwale kufikira Epulo. Akaona kuti masiku a masewera a mpira atulukiranso, popeza makolo anaitanidwa kukaonerera, alemba "masewera" pa Doesn't have, ndipo atsala ndi misonkhano yokha. Nchito imene kale inatha madzulo athunthu pa nyali itha madzi a tiyi asanawire.

Langizo la apa ndi limodzi: munthu ayambe ndi liu limodzi, ndipo likhale liu losacuruka. Liu lakuti "sukulu" lipezeka pafupifupi m'zocitika zonse, motero silithandiza. Ndiponso liu liri lonse loonjezedwa licepetsa zotuluka; wolemba ciganizo cathunthu, monga ngati ali kufunsa munthu mnzace, kawirikawiri abwerako cimanjamanja. Ayambe ndi liu limodzi, ndipo zotuluka zikacuruka aonjeze laciwiri.

Makina Sadziwa Cinyanja

Apa pali msampha umene ukola aphunzitsi ambiri. Bokosi lofunira silimva tanthauzo la mau; liyerekeza zilembo zimene munthu walemba ndi zilembo zimene ziri m'kalendala. Mwana wa Giredi 2 adziwa kuti msonkhano ndi misonkhano ndi cinthu cimodzi, koma kwa makina awa ndi mau awiri osadziwana. Wofuna "msonkhano" sadzapeza cocitika cimene mutu wace ndi "Misonkhano ya makomiti".

Kalembedwe nakonso kasiyana. M'Zambia alemba "cikondwerero" ndi "nchito", pamene m'Malawi alemba "chikondwerero" ndi "ntchito". Ndipo kuno kum'mawa, kumene mabuku a maiko onse awiri awerengedwa, mphunzitsi mmodzi akhoza kulemba njira zonse ziwiri pa sabata imodzi. Pamwamba pa izi pali kusakaniza zinenero. Wina alemba "mayeso", wina "exam", wina "test". Wina alemba "temu", wina "teremu", wina "cigawo". Wina afupikitsa dzina la sukulu, wina alilemba lonse. Tsono mphunzitsi wofuna "mayeso" apeza zinthu zitatu, nakhutira, osadziwa kuti zina zinai zabisala pansi pa dzina lina. Ici ncoopsa kuposa kusapeza kanthu konse. Pakuti wosapeza kanthu adziwa kuti ayenera kufunsa, koma wopeza theka ayesa kuti wapeza zonse.

Cifukwa cace, m'kalendala imene anthu sanapangane za kalembedwe, cinthu cacikuru cifunidwe kawiri kapena katatu, ndi maina ace onse. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kusefa

Kufunafuna kuthandiza munthu amene adziwa cimene afuna. Kusefa kuthandiza munthu amene afuna kuona bwino cimene ciripo. Mai akasefa ufa sacita kuchula dzina la kanthu. Angopatula zosalala ndi zokhakhala, ndipo zotsala m'sefa sazitaya, aziika pambali. Momwemonso kusefa m'kalendala kubisa zinthu kwa kanthawi, koma sikufafaniza kanthu, ndipo sikusintha cimene anthu ena aona pa mafoni ao.

Sefa yoyamba ndi mndandanda wa makalendala. Pa kompyuta uli ku dzanja lamanzere. Pa foni uoneka munthu akakhudza timizera titatu ta pamwamba. Kalendala iri yonse iri ndi kabokosi kace. Kabokosi kakacongedwa, zocitika zace zioneka. Congaco cikacotsedwa, zibisika. Mphunzitsi wokonza nchito ya sabata abisa zonse nasiya ya sukulu yace yokha. Mlembi wofuna tsiku la msonkhano wa zoni azitsegula zonse, kuti asaike msonkhano pa tsiku limene sukulu ina iri ndi mayeso.

Sefa yaciwiri ndi mitundu. Kalendala iri yonse ikhoza kupatsidwa mtundu wace, monga wofiira wa mayeso, wobiriwira wa masewera, wacikasu wa za mpingo. Ndipo diso lizolowera msanga. Mu Outlook muli njira yoika zizindikiro za mitundu zokhala ndi maina pa zocitika, ndipo munthu akhoza kufunafuna ndi maina amenewo. Koma mu Google Calendar mtundu umene munthu asankhira kalendala ya mnzace uoneka kwa iye yekha. Motero si nzeru kutumiza uthenga wakuti "onani cofiira cija", popeza kwa mnzaceyo cingakhale cobiriwira.

Sefa yacitatu ndi maonekedwe a tsamba: tsiku, sabata, mwezi, kapena mndandanda wochedwa Schedule. Tsamba la mwezi likoma m'maso, koma tsiku likadzala lionetsa zinthu zowerengeka zokha, nilibisa zotsala. Schedule iika zonse pa mzera, cimodzi pansi pa cinzace, ndipo ndiyo yoyenera pa foni.

Palinso timasefa tiwiri timene tiiwalika. Kena kabisa zocitika zimene munthu anakana ataitanidwa. Kena, pa kompyuta, kabisa Loweruka ndi Lamulungu. Mphunzitsi amene anabisa masiku awiriwa, poyesa kuti si masiku a nchito, sadzaona mpikisano wa makwaya kapena wa mpira umene waikidwa pa Loweruka.

Coopsa ca kusefa ndi kuiwala. Munthu abisa kalendala ya zoni Lolemba kuti aone bwino za kalasi lace, naiwala kuibwezera. Patapita masabata atatu adabwa kuti anzace anasonkhana iye osadziwa, nayamba kudandaula kuti ampatula. Sanampatule, anadzitsekera yekha. Lamulo lace nlapafupi: wosefa abwezere zonse asanatseke foni.

Masiku Osakhazikika

Ena adzanena kuti masiku akulu a caka awadziwa pamtima. Nzoona kuti ena sasuntha. Tsiku la Acinyamata liri pa 12 Marichi, la Ufulu wa Afrika pa 25 Meyi, la Aphunzitsi pa 5 Okutobala, ndi la Ufulu wa Zambia pa 24 Okutobala, kukumbukira caka ca 1964. Koma ambiri ayenda. Tsiku la Ngwazi ligwa Lolemba loyamba la Julayi, ndi la Umodzi Laciwiri lotsatira. Tsiku la Alimi ligwa Lolemba loyamba la Ogasiti. Mwambo wa Ncwala wa Angoni ku Mtenguleni ucitika Loweruka lotsiriza la Febuluwale, ndipo Kulamba kwa Acewa ku Mkaika kucitika Loweruka lotsiriza la Ogasiti; sukulu za pafupi zidziwa kuti pa masabata amenewo misewu idzala ndipo mabanja ambiri ali paulendo. Woyenda koposa onse ndi Pasaka, amene atsata mwezi wa kumwamba, nakhoza kugwa tsiku liri lonse la Mulungu pakati pa 22 Marichi ndi 25 Epulo. Mu 2024 anagwa pa 31 Marichi, mu 2025 pa 20 Epulo, ndipo wa 2026 ndi wa pa 5 Epulo.

Masiku otere sayenera kufunidwa ndi cikumbumtima ca caka catha, koma ndi dzina. Google Calendar iri ndi kalendala ya masiku a chuthi a maiko, ndi Zambia yomwe, imene munthu angaionjeze pa zace. Miyambo ya makolo ndi masiku a mpingo ziyenera kulembedwa ndi mlembi, ndipo azilembe caka ndi caka atamva cilengezo ca eni ace. Akalamula makina kuti abwereze Pasaka pa deti lomwelo caka ciri conse, adzasoceretsa zoni yonse.

Pamene Cinthu Sicipezeka

Bokosi likabweza yankho lakuti palibe, sikuti cinthuco kulibe. Mphunzitsi asanauze ana kuti mawa kulibe mayeso, adzifunse mafunso awa.

1. Kodi liu lalembedwa monga momwe mlembi akadalilembera? Ayese kalembedwe kena, ndi Cingerezi comwe.

2. Kodi kalendala yoyenera iri yotsegula? Pa mafoni a Android kalendala imene wina wagawira munthu nthawi zina sioneka kufikira mwini foni atalowa mu Settings ndi kuyatsa Sync pa kalendalayo.

3. Kodi cilolezo cace ncotani? Wololedwa kuona kokha kuti ora latengedwa sangathe kupeza cocitika ndi dzina, popeza dzinalo labisika kwa iye.

4. Kodi foni inagwira netiweki liti? Foni yopanda netiweki ionetsa kalendala monga inaliri pa nthawi yotsiriza imene inalumikizana. Pa sukulu zimene netiweki ipezeka pa culu kapena pansi pa mtengo umodzi wokha, foni ikhoza kusunga mbiri ya sabata yatha mokhulupirika ndithu, koma iri mbiri yakale.

5. Kodi kalendalayo inafika motani? Imene inalowetsedwa kucokera m'fayilo yotumizidwa iri ngati kalata yokopera: mwini akasintha yace, yokoperayo sisintha. Imene inalumikizidwa ndi adiresi ya pa intaneti isintha, koma ikhoza kucedwa maora ambiri.

6. Kodi wina anacifafaniza? Mu Google Calendar zofafanizidwa zikhala m'nkhuti yace, yochedwa Trash kapena Bin, masiku 30, ndipo amene ali ndi cilolezo cosintha akhoza kuzibwezera ali pa kompyuta.

7. Kodi deti ndi ora zawerengedwa bwino? Kuno 4/5 ndi tsiku la 4 la Meyi, koma ku America ndi tsiku la 5 la Epulo, ndipo makina akhoza kuikidwa pa njira iri yonse ya ziwirizi. Nthawi ya Zambia sisintha caka conse, koma ya ku London itsalira ndi maora awiri m'nyengo yao yozizira, ndi ora limodzi m'nyengo yao yotentha. Foni yoikidwa pa nthawi ya dziko lina ionetsa msonkhano pa ora lolakwika.

Mafunso onsewa akatha cinthu cisanapezeke, patsala njira yakale, ndiyo kufunsa munthu. Safunsa anadya phula.

Pangano la Kalembedwe

Zonse zanenedwazi zibwerera pa mfundo ija ya poyamba. Kufunafuna kuyamba pa tsiku lolemba. Aphunzitsi a zoni imodzi akakhala pansi ora limodzi ndi kupangana za kalembedwe, adzapulumutsa maora ambiri a caka conse. Pangano lotere likhoza kukhala ndi mfundo izi.

1. Mutu wa cocitika uyambe ndi liu losonyeza mtundu wace, locokera pa mndandanda waufupi umene onse aubvomereza, monga MAYESO, MSONKHANO, MASEWERA, MAPEMPHERO, OYENDERA, CHUTHI. Pambuyo pace pabwere zofotokoza, monga "MAYESO masamu Giredi 5". Mutu wongoti "Msonkhano" kapena "Bwerani nonse" suuza munthu kanthu, ndipo supezeka pakati pa anzace.

2. Kalembedwe kakhale kamodzi ndi cinenero cimodzi pa mau oyambawo. Kaya zoni isankha c kapena ch, kaya Cinyanja kapena Cingerezi, cacikuru ndi cakuti onse atsate cimodzi.

3. Cigawo ca malo cisasiyidwe copanda kanthu, ndipo dzina la sukulu iri yonse lilembedwe m'njira imodzi.

4. Makalendala agawidwe monga mwa nchito: ya mayeso payokha, ya misonkhano payokha, ya masewera payokha. Sefa igwira pa kalendala yathunthu. Zonse zikathiridwa m'kalendala imodzi palibe cosefa.

5. Cocitika cikasunthidwa, cisunthidwe comweco. Pasalembedwe cina catsopano cakale cikadalipo, kuopa kuti wofunafuna angapeze masiku awiri nasankha lolakwika. Posintha cinthu cobwereza sabata ndi sabata, makina afunsa ngati asinthe tsiku limodzi lokha, kapena ilo ndi otsatira, kapena onse. Funso limeneli liwerengedwe mofatsa.

6. Cocitika cikalephereka, ndi bwino kuika liu lakuti CALEPHEREKA patsogolo pa mutu wace kusiyana ndi kucifafaniza mwakacetecete. Cikangosowa, mphunzitsi wakutali sadziwa ngati calephereka kapena foni yace ndiyo yalakwa.

7. Olemba akhale owerengeka, mlembi ndi womthandiza. Ena onse akhale owerenga. Kalendala isakhale pa dzina la munthu mmodzi yekha, pakuti aphunzitsi asamutsidwa. Pakhale waciwiri wokhala ndi cilolezo conse.

Zosayenera Kulembedwa

Mphamvu ya kufunafuna iri ndi mbali yace yoopsa. Cimene cinalembedwa m'buku la ofesi cinatsekeredwa m'kabati, ndipo wocifuna anayenera kutembenuza masamba ambiri. Cimene calembedwa m'kalendala yogawana cipezeka ndi liu limodzi, ngakhale patapita zaka. Munthu akalemba dzina la mwana m'bokosi, zonse zochula mwanayo zibwera pamodzi. Cifukwa cace dzina la mwana wodwala, la mtsikana amene watenga pakati, la mwana wopatsidwa cilango, kapena la mphunzitsi woitanidwa ku mlandu, lisalowe m'kalendala imene anthu ambiri aiwerenga. Kulemba kuti "MSONKHANO komiti ya mwambo" nkokwanira. Zotsala zikhale m'buku la ofesi.

Zambia iri ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act ya 2021; koma mphunzitsi wa Mishoni sayembekeza lamulo kuti limuuze kusunga ulemu wa mwana amene makolo anampatsa. Mlembi acenjerenso ndi kabokosi kotsegula kalendala kwa anthu onse, pakuti kalendala yotero ikhoza kuwerengedwa ndi munthu ali yense wa pa intaneti. Madzi akatayika saoleka.

Mau Otsiriza

Kalendala ya pa khoma isacotsedwe. Batire itha, dzuwa lisowa pa sola m'masiku a mvula, ndipo si mphunzitsi ali yense amene ali ndi foni yaikuru. Mwambo wabwino ndi wakuti Lolemba m'mawa mphunzitsi mmodzi apite pamene pali netiweki, atsegule makalendala onse osabisa ndi imodzi yomwe, aike pa Schedule, afunefune MAYESO ndi MSONKHANO, ndipo akopere za masabata awiri akudza pa bolodi la mu ofesi. Nchitoyi ndi ya mphindi zowerengeka, ndipo iyenera kuzungulira, kuti onse aidziwe.

Mphunzitsi auza ana tsiku ndi tsiku kuti alembe deti pamwamba pa tsamba, alembe mutu, ndi kusunga kalembedwe kamodzi. Kalendala yogawana ifuna kwa iye mwini zomwezo zimene iye afuna kwa ana. Mlembi amene alemba mutu womveka, nadzaza malo, nasintha tsiku pa nthawi yace, sadzathokozedwa ndi munthu, popeza nchito yace sioneka. Koma cifukwa ca iye mnzace wa kutsidya kwa dambo sakwera njinga pacabe, kalasi silitsala lopanda mphunzitsi, ndipo dzina la mwana lifika pa mndandanda wa mayeso tsiku lisanapite.

Cifukwa cace zoni iri yonse yoimiridwa pano ikonze pangano lace la kalembedwe cigawo cino cisanathe, ililembe pa pepala limodzi, ndi kulipacika mu ofesi ya sukulu iri yonse pambali pa kalendala yakale ija. Mulungu adalitse nchito ya aphunzitsi onse ndi ana amene ali m'manja mwao.